Tiyi wa a Brightson

"Chotupa cha m'bere chachepa chifukwa cha tiyi wa ku China amene ndinawagulira mayi akunyumbawa," a Brightson anauza mpingo, atakweza paketi m'mwamba.

Ungweru, mkazi wawo, anangoyang'ana pansi. Tiyiyo ankamwadi. Koma ku Lilongwe kolandira diripi ya khansa ankapita yekha, n'kubwera akusanza m'basi mpaka pa Boma.

Isabella wa m'kwaya anasendera kwa Ungweru n'kunong'ona: "Amama, nanenso ndili nacho. Ndiye kuchipatala ndisavutike n'kupitako eti?"

Ungweru anaimirira n'kumasula duku, mpingo wonse ukuona. M'mutu munalibe tsitsi ndi limodzi lomwe.

"Bambo, auzeni zonse anthuwa. Izinso wandichita ndi tiyi wanuyo?"