Anaterereka M'bafa

"Chiganizo ichi chotsani, achemwali," anatero mkonzi wamkulu, akuloza pakompyuta. "Ino ndi insaikulopediya, si bwalo la milandu."

Mtsikanayo ankalemba nkhani yofotokoza buku lina loopsa, la mkazi amene mwamuna wake ankamutsekera m'chipinda mpaka kumupha. Wolemba bukulo anali mkulu wake weniweni wa mtsikanayo, yemwe anamwalira bukulo litangotuluka. Chiganizocho chinkanena kuti za m'bukumo zinkamuchitikira wolembayo.

"Koma si zopeka, bwana. Mabala ake ndinkawaona ndi maso angawa. Loko wa pachitseko chija ndinamugwira ndi manja."

"Maso anuwo anasindikizidwa kuti? Tsamba lanji?" Ena mu ofesimo anaseka, kenako n'kuwerama. "Lamulo mukulidziwa. Timalemba zokhazo zimene zinatuluka kale penapake."

"Nanga za imfa yake tinene kuti chiyani?"

Mkonziyo anafufuza pang'ono, n'kumwetulira. "Nayi nyuzipepala. Akuti anaterereka m'bafa. Mwaona? Nkhani yatha."

Mtsikanayo anaiwerenga nyuzipepalayo mpaka kumapeto. Mtolankhani anafunsa munthu mmodzi yekha.

Mtsikanayo anataipa chiganizo cha m'bafacho pang'onopang'ono, ndipo m'munsi mwake, monga mwa lamulo, anatchula amene ananena mawuwo. Anali mlamu wake.