Paipi Yaitali ya Sajeni Agbeko

Elikem anavala chophimba kumaso mozondotsa, mpaka Dzifa, bwenzi lake, anachita kumukonzera. Amene ankati awomberane nawo pabwalo la masewera owomberana la m'tauni ya Teshie anali bambo ake a Dzifa, Sajeni Agbeko, msilikali wopuma ntchito yemwe mbiri yake inali yosaphonya.

Zonsezi zinayambira pakamwa pa Sajeniyo. Zaka zisanu zapitazo, pamaliro a mkulu wawo, mowa utawafika m'mutu, analumbira pamaso pa abale kuti palibe mwamuna adzagogode pakhomo pawo kufunsira Dzifa asanawagonjetse powombera. Abale amaiwala zambiri, koma zoterezi ayi. Motero mabotolo awiri a mowa wa shinapu, ogogodera pakhomo pokafunsira mkazi, anali atatha miyezi itatu pansi pa bedi la Elikem, mphunzitsi wa sayansi yemwe ngakhale nkhuku ankachita kupempha ena kuti amuphere. Mwayi wake, Dzifa anachonderera kuti awomberane ndi timipira ta penti.

Atangolowa m'kashedi kobwereka mfuti, mwini bwalo, Anti Lamiley, anakoleka tawulo pakhoma mwachangu n'kuwalonjera. Sajeni anakana paipi yotulukira timipira ya pamfuti ya pabwalopo. Anasolola yawo m'chikwama, yaitali ngati mkono, n'kunena monyada kuti atha sabata yathunthu akusema timizere topota m'kati mwake.

"Mfuti yeniyeni imazunguza chipolopolo, mnyamata iwe, n'chifukwa chake chimapita molunjika. Timapaipi tanu tosalalati n'toseweretsa ana."

Anti Lamiley anaisuzumira paipiyo, n'kuthawira kuseri akutsokomola chitsokomolo chomveka ngati phwete.

Elikem anaona vuto nthawi yomweyo. Kampira ka penti si chipolopolo. N'kozungulira, n'kofewa, ndipo m'kati ndi madzi okhaokha. Timizere sitingakawongole, tingangokang'amba khungu. Anatsegula pakamwa kuti awachenjeze, poti uphunzitsi ndi matenda, koma anayang'ana Dzifa n'kumeza mawuwo. Anachita manyazi, koma osati kwambiri.

Wezulo inalira. Kampira koyamba ka Sajeni kanaswekera m'paipi momwemo, ndipo m'kati mutanyowa, totsatira tinkauluka ngati ntchentche zoledzera. Kena kanapaka mtengo wa mango. Kena kanasandutsa mbuzi ya eni ake yachikasu kumbuyo. Elikem anabisala kuseri kwa matayala, akuwombera maso ali chitsinzinire, ndipo kampira kake kachikhumi ndi chinayi kanakaphulikira pamimba pa mkuluyo, pomwe panali malo okwanira.

Sajeni anadzudzula mphepo, dzuwa, penti, ngakhalenso achinyamata a masiku ano. Abale omwe anabwera kudzachitira umboni ankaseka mogwira nthiti. Kenako mkuluyo anapukuta pamimba n'kuloza Elikem ndi paipi yodontha ija.

"Mawu anga ndi amodzi. Uwauze akwanu adzagogode Loweruka. Mukachedwa nditseka geti."

Dzifa anawakumbatira bambo akewo, penti n'kumumata diresi. Elikem anakondwa mpaka misozi, komabe chifundo chinamugwira. Munthu wamkulu, zaka makumi atatu ali ndi mfuti m'manja, n'kugwa chifukwa chosadziwa kusiyana kwa chitsulo ndi kampira. Anatsimikiza kuti ukwati ukadutsa adzawafotokozera pang'onopang'ono, mwaulemu, mwina ndi chojambula.

Anabwerera m'kashedi kukabweza mfuti, thukuta lili kamukamu, ndipo anakoka tawulo lija kuti adzipukute.

Kuseri kwake kunali chithunzi. Sajeni Agbeko atanyamula chikho, katswiri wa bwalolo zaka zinayi zotsatizana, mfuti yawo ili ndi kapaipi kafupi kosalala. Pansi pake panali malangizo kwa ophunzira, olembedwa ndi dzanja lawo lomwe: "Paipi ikhale yosalala, youma, yokwana kampira. Wosema timizere ndiye kuti akufuna kuphonya."