Khungu la Finye, Miyendo ya Chule

Padangokhala Chule ndi mlamu wake Finye, kudambo la pafupi ndi chulu. Onse ankadya zofanana, tizilombo ndi tinkhono ta zigoba zolimba. Koma Chule ankawothera dzuwa m'mawa uliwonse, pomwe Finye ankabisala kudzenje posamala khungu lake.

"Alamu, mwadatu bii ngati mphika," anatero Finye. "Taonani kusalala kwanga!"

"Kuda ndada, inde," anayankha Chule, "koma dzuwa lomweli ndi limene limatenga zimene ndadya n'kuzimangira m'mafupa. Inu mumangodzaza mimba."

Mvula yoyamba itagwa, ngumbi zinatuluka, ndipo awiriwo anapangana kuti wogwira zambiri ndiye atenge chulu. Finye anati adumphe, koma miyendo inangoti lobodo ngati bonongwe wofota, nagwa chagada. Chule anajowa m'mwamba, ngumbi m'kamwa tho, ana ake akufuula m'madzi kuti, "Amenewo ndi amayi athu!"

Finye anafufuma ndi mkwiyo, ndipo mpaka lero sanaphwe. Kuyenda kwake n'kukwawa.

M'mawa mwake Chule anakwera pachulu chakecho, natambasula miyendo padzuwa.

"Alamu," anatero, "khungu lija likukwezeni kuno."