Mizere Itatu pa Mwala

Kachitatu tsopano, Sukra Bhengra anapeza mwala uja utapakidwa mafuta. Anali mafuta a mpiru, ndipo pambali panali timbewu ta mpunga.

Paki yatsopano ya mumzinda wa Ranchi inali yoti itsegulidwe Loweruka. Inamangidwa polemekeza mitundu yoyamba kukhala m'dzikomo, anthu a mtundu wa Sukra yemwe. Choncho akuluakulu ankafuna miyala ya giranaiti yachilengedwe, yosadulidwa ndi makina. Waukulu pa yonse, wophwaphwatika ngati chitseko, anaupeza Sukra m'thengo la kunjira ya ku Khunti. M'mphepete mwake munali mizere itatu yozokotedwa. Bwana Sinha, kapitawo, anati ikuipitsa mwalawo, umene unali woti ukhale mpando wa alendo. Sukra anaifafaniza ndi tchizulo, osasiya ndi kachipsera komwe.

"Iwe Sukra, mwalawu wausandutsa chiwaya chako?" anakalipa bwana Sinha. "Alendo adzakhale pamafuta? Ndikawapezanso mawa, unyamule nyundo zako uzipita."

Ntchitoyi ndiyo inkadyetsa ana ake awiri podikira mlandu wa munda wa malemu bambo ake, umene kampani ya migodi inkaulimbirana. Iye anabadwira m'tauni, kumudzi anapitako ali kumsana. Koma akulu a kumeneko anamutumizira mawu: asade nkhawa, umboni ulipo.

Anakwecha mwalawo mpaka zala kuchita matuza. Mtima sunali m'malo. Ngakhale mwana wa m'tauni amadziwa kuti mwala wopakidwa mafuta ndi umene umaphimba mafupa a makolo. Kodi anazula manda a eni ake? Anadzitonthoza yekha kuti m'thengo muja munalibe nyumba, munalibe munthu. Komabe tsiku limenelo chakudya chinamukanika.

M'mawa mwake anabisala kuseri kwa mtengo wa mango. Dzuwa litangotuluka, kunabwera mayi wina wowonda, wopanda nsapato, kabotolo kali m'manja. Anagwada, anathira mafuta, nayamba kupapasa m'mphepete mwa mwalawo ngati wofuna singano yotayika.

Sukra anatuluka, tchizulo m'manja. Anali atakonzeka kupepesa banja lachilendoli, kugwada kumene, bola nkhani isafike kwa bwana.

"Amayi, mwalawu ndi wa kwanu?"

"Wa kwathu? Iyayi, bambo. Miyala yathu ili phee pamalo pake."

Sukra anapuma mpweya wautali. Ndiye kuti ndi wozungulira mutu chabe, wongopaka mwala uliwonse.

"Basitu musiye zimenezi," anatero molimba mtima tsopano. "Mundichotsetsa ntchito."

Mayiyo sanadzutse mutu. Zala zake zinkapitabe uku ndi uku.

"Ine ndimangosungira anansi, eni ake anasamukira m'tauni kalekale. Ndayenda mlungu wathunthu kufunsa za lole imene inaunyamula. Uyenera kubwerera akhoti asanabwere, poti mwini munda amadziwika ndi mwala wa agogo ake. Koma chizindikiro chija chapita kuti? Panali mizere itatu apa, ya a Bhengra. Akuti mwana wawo ndi mmisiri wa miyala m'tauni muno. Simukumudziwa, bambo?"

Sukra anayang'ana m'dzanja lake. Anali akadagwirabe tchizulo.