Mfumukazi ya Pamwala

Nkhaniyi ndinaimva kwa Juliana, mayi wogulitsa nsomba zouma pa siteji ya minibasi ku Nsanje.

Akuti Immaculate, mwana wa a Hilario a kwa Nyachikadza, atabwera kutchuthi kuchokera ku Ulaya, anakhala pakhonde n'kumaonetsa bambo ake zithunzi pafoni. Kumeneko amasesa m'nyumba yosungiramo zinthu zakale, m'chipinda cha miyala yosemedwa ya ku Iguputo.

Mkuluyo ankangogwedeza mutu. Pafonipo ng'ombe zolima zinadutsa, amuna opalasa bwato anadutsa. Kenako anagwira mwana wakeyo padzanja.

"Tabwereza. Uyo."

Anali mkazi woyang'ana cham'mbali, duwa la m'madzi lili m'manja.

"Ameneyu ndi mfumukazi, Baba. Analemba pansipa kuti akununkhiza duwa lopatulika. Mwalawu watha zaka zikwi zitatu."

"Ukawauze aubweze. Ubwere kuno."

Immaculate anaseka. "Eni ake a ku Iguputo apempha yawo mpaka kutopa, ndiye apatse inu? Muuika pati, kuno kosefukira madzi chaka ndi chaka?"

Tsiku limenelo a Hilario sanadye. M'mawa mwake anatulutsa pepala kuti mwanayo alembe kalata m'Chingerezi yoitanitsa mwalawo. Anansi anayamba kunong'onezana kuti ukalamba wawafika kumutu.

Immaculate anapsa mtima. "Mukufuna andichotse ntchito chifukwa cha mwala wa eni? Amayi anga alibe ndi manda omwe, simunawaikirepo ngakhale kamwala. Lero mukulirira mfumukazi yachilendo!"

A Hilario analoza kudambo.

"Si lonunkhiza duwa limenelo. Ndi nyika, kakombo wa m'dambo lathuli. Chaka cha njala amayi ako ankamira m'dambo kuzula mizu yake kuti iwe upeze choyamwa, mpaka ng'ona inawatenga. Mwalawo ndinasema ndine, ku Beira, kwa Mzungu wina amene ankatipatsa zithunzi zoti titsanzire, iye n'kumakwirira miyalayo m'matope kuti ioneke yakale. Umenewo ndinasemera ine ndekha, koma anandilanda. Zaka zonsezi umasesa pamaso pa amayi ako, osawapatsa ndi moni womwe."

Juliana akuti kalatayo sinalembedwe, ndipo Immaculate anabwerera kuntchito kwake.

Ineyo ndimakayika. Ndayenda madambo onsewo, koma sindinapeze ndi mmodzi yemwe amene anawaonapo a Hilario akusema mwala.