Zimkuzamawu Zatsopano za a Nikolasi

A Nikolasi Kamtedza anagogoda maikolofoni ndi chala, kugogodako n'kumveka mpaka kumsewu kumene maminibasi ankaitanira anthu opita ku Salima. Anamwetulira. Linali tsiku la msika pa Golomoti, ndipo aka kanali koyamba kuti gulu lawo la zisudzo la Tiwale ligwiritse ntchito zimkuzamawu zatsopano.

Kwa zaka zisanu gululi linkadalira sipika imodzi yong'ambika, yomangidwa ndi mphira za tchubu cha njinga. Inkalira ngati chigayo chimene chameza mwala. Munthu akati "nkhalango", iyo inkangoti khrrr. Komabe anthu ankabwera mazanamazana. Ankadzaza bwalo mpaka kumtengo wa mango wa kumbuyo, n'kumaseka, ena mpaka kugwira nthiti. Ankaseka ngakhale pamene a Nikolasi analemba kuti anthu alire, koma iwo ankati umo ndi mmene anthu akumudzi amamezera uthenga wowawa.

"Ngati akundikonda chonchi akumva theka lokha," ankatero kwa Modesta, mtsikana amene ankasewera nawo, "nanga tsiku limene adzamve zonse?"

Choncho analemba makalata khumi ndi anayi kupita ku bungwe lina la ku Lilongwe. M'kalata iliyonse ankadzitchula mlembi wa zisudzo wopanda mnzake m'dera lonse la Kachindamoto. Bungwelo, kaya chifukwa chokhutira kaya chotopa, linawapatsa masipika awiri oima pamiyendo yachitsulo, batire yotchajidwa ndi dzuwa ndi timaikolofoni tinayi tovala kumutu, topanda nthambo. Tsikuli akuluakulu awiri a bungwelo anali atakhala pamipando ya pulasitiki kutsogolo, kuti adzionere okha khamu limene ankaliwerenga m'makalata.

Khamulo linalipodi. Linaposanso masiku onse.

Sewero linali lodzudzula mchitidwe wootcha makala. A Nikolasi anatenga mbali ya mtengo wa mbawa. Anatulukira atadzimanga masamba thupi lonse, n'kutambasula manja.

"Ine mtengo," anayamba, mawu ali mbee, "ndine mzati wa chitukuko chokhazikika, mogwirizana ndi ndondomeko zisanu ndi ziwiri zotsatirazi."

Bwalo lonse linati zii. A Nikolasi anamva kukoma mumtima. Umu ndi mmene anthu ophunzira amamvetserera sewero.

Ali pa ndondomeko yachiwiri, amayi ogulitsa tomato ananyamuka. Pa yachitatu, anyamata a kabaza anakwera njinga zawo. Pofika yachisanu, bambo wina anafunsa mokweza ngati mtengowo sungangodulidwa basi, anthu apume. A Nikolasi anadziwa pomwepo chimene chikuchitika. Anali a gulu la zisudzo la ku Mtakataka. Nsanje ya zipangizo! Ayenera kuti anadutsa mumsika m'mamawa n'kumanong'oneza anthu kuti atuluke, cholinga awachititse manyazi pamaso pa alendo.

"Kweza!" anauza Modesta, amene anali pa zimkuzamawu, akukukuta mano, ataiwala kuti kamaikolofoni kali pakamwa. Modesta anakweza. Ndondomeko yachisanu ndi chimodzi inamveka mpaka kusiteshoni ya sitima, ndipo otsala aja anathawa atatseka makutu.

Pamene mtengo unkagwa, patatha ola ndi theka, pabwalo panali alendo awiri aja, mmodzi akusinza, mbuzi zitatu, ndi mayi mmodzi pansi pa mango uja. Anali a Bernadeta, ogulitsa zitumbuwa, amene sanajombepo sewero la Tiwale chiyambire. Anali chikhalire pambali pa beseni lawo, dzanja lili patsaya.

A Nikolasi anaona pothawira. Anathothola masamba kumaso, n'kutembenukira kwa alendo.

"Mabwana, adani atichita chipongwe lero, ndipo ndikuwadziwa. Koma onani mayi awo. Zaka zisanu, dzuwa kapena mvula, sanachokepo. Amenewo ndiwo mboni yanga."

Anawakodola. A Bernadeta anakana ndi mutu. Anawakodolanso, mpaka anapita okha kukawagwira dzanja n'kuwabweretsa pakati pa bwalo. Anavula kamaikolofoni kawo n'kuwaveka bwinobwino pamwamba pa duku.

"Mayi, musaope. Auzeni alendowa chifukwa chimene anthu a pa Golomoti amakondera masewero anga. Lankhulani momasuka, dziko lonse likumva."

A Bernadeta anatsokomola, chifuwacho n'kumveka msika wonse. Anthu amene anali m'mabenchi a malonda anatembenuka, ena anayamba kubwerera akuthamanga.

"Pepani achimwene," anatero. "Chisipika chakale chija sichinkamveka ngakhale liwu limodzi. Ndiye anthu ankandifunsa kuti kodi akuti chiyani, ine n'kumangopeka zanga, kuti mwina mukukangana ndi apongozi kapena mwagwidwa ndi mkazi wa mwini. Ankadzera zimenezo. Lero ndi tsiku loyamba kukumvani inuyo."