Zala Zinayi Padenga

Ali padenga, mmisiri anayatsa kansanza n'kukaika pakamwa pa paipi yotulutsa utsi wa giza ya gasi yotenthetsera madzi osamba. Utsi unakwera pang'ono, unakhota, n'kulowa wonse m'paipi yokokera mpweya, yomwe eni nyumba anaiika okha pambali pake, motalikirana zala zinayi basi, ati zioneke mwadongosolo.

"Mwaona, amisiri?" anakuwa eni nyumbawo, akudumphadumpha pamakwerero. "Ikukoka ngati mphuno ya ng'ombe! Ndinayeza ndekha!"

"Ikukokadi, bwana. Utsi wake womwe."

Mmisiri anasuzumira pansi. Akazi a eni nyumbawo, omwe sabata yonse mutu unkawapweteka akachoka kubafa, anali atatseka kale gasi.

"Bambo a ana, tsikani," anatero mayiwo, sowo yodulira paipiyo ili m'manja. "Amisiri akufuna makwererowo. Inu mwayeza mokwanira."